Kugwira unamwino wa ana ku Britain ndi kulidziwa dzikolo pa masiku opuma

Namwino wa ana amene akulingalira zokagwira ntchito ku Britain amatha miyezi yambiri akuganizira za mayeso, mapepala ndi visa, ndipo zimenezi n'zomveka, popeza popanda izo sangakwere n'komwe ndege. Pali nkhani ina imene ambiri amayamba kuiganizira atafika kale, pomwe m'kuona kwanga ndi imene imathandiza munthu kukhalitsa pa ntchitoyi ali ndi mphamvu. Zipatala za boma za kumeneko, zomwe zili pansi pa bungwe la zaumoyo la NHS, zimagwiritsa anamwino maola ambiri pa tsiku koma masiku ochepa pa sabata, kotero kuti munthu amatsala ndi masiku atatu kapena anayi amene angawathere pabedi, angawagulitse pogwira mashifiti owonjezera, kapena angawagwiritse ntchito podziwa dziko limene makolo ndi ana amene akuwasamalira amakhalamo. Malangizo awa akutsata njira yonseyo, kuyambira pa kulembetsa mpaka pa kukwera sitima tsiku limene simuli mu wodi.

Njira yofikira kumeneko

Choyamba kuchidziwa n'chakuti Malawi ali pa mndandanda wa mayiko 55 umene bungwe la WHO linatulutsa mu 2023, wa mayiko amene ali ndi ogwira ntchito zachipatala ochepa kwambiri poyerekeza ndi zosowa zawo. Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe alinso pamndandandawu. Boma la Britain limautsatira, choncho zipatala za NHS ndi makampani opezera anthu ntchito saloledwa kubwera kudzakopa anamwino kumudzi kuno. Chimene chimaloledwa n'chakuti namwino mwiniwake, mwa kufuna kwake, afunsire ntchito mwachindunji kwa chipatala chimene chalengeza malo, monga kudzera pa webusaiti ya NHS Jobs. Munthu aliyense amene angakuuzeni kuti mumulipire ndalama kuti akupezereni malo kapena chikalata cha wolemba ntchito mumukayikire nthawi yomweyo, chifukwa malamulo a ku Britain salola kampani yopezera anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchitoyo. Ngati munaphunzira ndi thandizo la boma kapena la mpingo ndipo munasaina pangano logwira zaka zingapo, malizani kaye panganolo kapena kambiranani ndi eni ake poyera, popeza mudzafunika kuti bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi likuchitireni umboni, komanso wodi imene mukuisiya ili ndi ana amene ayenera kupezeredwa wina wowasamalira.

Kuti mugwire ntchito monga namwino, dzina lanu liyenera kulowa m'kaundula wa Nursing and Midwifery Council, bungwe limene onse amangolitchula kuti NMC. Kaundulayu amagawa unamwino m'nthambi zinayi: wa akuluakulu, wa ana, wa matenda a maganizo, ndi wa anthu ovutika kuphunzira. Kumudzi ambiri anaphunzira unamwino wa odwala onse pamodzi ndi uzamba, ndipo kugawa kumeneku kumawadabwitsa. Mayeso amene mudzalembe amatengera nthambi imene mwasankha, choncho werengani bwino zofunika za NMC pa nthambi ya ana musanalipire kalikonse, ndipo sonkhanitsani makalata osonyeza zaka zimene mwagwira mu wodi ya ana kapena ya makanda, pamodzi ndi mapepala a maphunziro aliwonse apadera a unamwino wa ana, monga amene amaperekedwa ku Kamuzu University of Health Sciences.

Mayeso alipo a mitundu itatu. Oyamba ndi a Chingerezi, ndipo ngakhale mwaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale musawatenge mopepuka, makamaka gawo lolemba. Pa IELTS pamafunika 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kuyankhula, ndi 6.5 pa kulemba, pomwe pa OET, imene mafunso ake ndi a zachipatala, pamafunika B m'magawo atatuwo ndi C+ pa kulemba. Achiwiri ndi a pa kompyuta, otchedwa CBT, amene amalembedwa m'malo oyendetsedwa ndi Pearson VUE musananyamuke, ndipo ali ndi mafunso 15 a masamu a mankhwala ndi mafunso 100 a ntchito ya unamwino. Achitatu ndi OSCE, mayeso ochita ndi manja okhala ndi masiteshoni 10, amene amachitikira ku Britain kokha, m'malo ochepa ovomerezedwa ndi NMC. Kawirikawiri chipatala chimene chakulembani ntchito ndicho chimakukonzekeretsani, ndipo mumayenera kuyesedwa pasanathe masabata 12 chiyambire ntchito. Pa nthawi imeneyi mumalandira malipiro a wothandizira anamwino, ndipo mukapambana n'kulandira nambala yanu ya m'kaundula wa NMC, yotchedwa PIN, mumakwera kufika pa Band 5, gulu la malipiro la namwino wolembetsedwa.

Visa yake imatchedwa Health and Care Worker visa, ndipo oitenga salipira ndalama ya zaumoyo imene alendo ena amalipira, koma wochokera ku Malawi amayenera kuyezetsa TB pa chipatala chovomerezedwa ndi boma la Britain. Musanasaine kontirakiti, funafunani ndime imene ikunena za ndalama zimene mudzabweze mukasiya ntchito msanga. Zipatala zambiri zimalipira ndege, visa ndi mayeso, kenako zimafuna gawo la ndalamazo ngati muchoka zaka zimene munagwirizana zisanakwane, ndipo ndimeyo iyenera kunena momveka kuti ndi zingati komanso kuti zimachepa motani zaka zikamapita.

Zimene mudzapeze mu wodi ya ana

Musafike ndi mtima wodziona wochepa. Namwino amene wagwirapo ku Queen Elizabeth Central Hospital kapena ku Kamuzu Central Hospital m'nyengo ya malungo waona ana odwala mwakayakaya ochuluka kuposa amene anzake ambiri a ku Britain adzawaone m'zaka zambiri, ndipo amatha kuzindikira mwana amene akubanika kapena amene madzi am'thera m'thupi asanagwire n'komwe chipangizo chilichonse. Njira ya ETAT yosankhira ana ofunika thandizo lamsanga inakhwimira ku Blantyre, ndipo muyeso wa Blantyre Coma Score, umene umagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri kwa ana okomoka ndi malungo, unayambira komweko. Maso ophunzitsidwa motero ndi chuma chimene mukupita nacho.

Matenda okha ndi amene adzasinthe. M'malo mwa malungo ndi kunyentchera, m'miyezi yozizira wodi imadzaza ndi makanda ovutika kupuma chifukwa cha kachilombo ka RSV, ana a mphumu, ndi ana a matenda a shuga a mtundu woyamba amene amadalira insulin. Mudzapezanso ana obadwa ndi zilema zazikulu amene akukhala ndi moyo zaka zambiri mothandizidwa ndi machubu odyera ndi makina opumira, ndipo makolo awo amadziwa za zipangizozo kuposa namwino watsopano, choncho afunseni mosachita manyazi. Gulu limene limavuta kwambiri anamwino ochokera kwathu ndi la achinyamata odzivulaza dala, omwa mankhwala ochuluka mwadala, kapena okana kudya mpaka thupi kufooka. Mawu olangiza amene mayi kapena azakhali angayankhule kumudzi, onena kuti mwana alimbe mtima kapena aganizire makolo ake, kumeneko amamveka ngati kudzudzula, ndipo angachititse mwanayo kutseka pakamwa. Pemphani maphunziro a mbali imeneyi msanga, ndipo muzimvetsera momwe anamwino a matenda a maganizo amayankhulira ndi anawo.

Chiwerengero cha odwala pa namwino mmodzi n'chochepa. Malangizo a bungwe la anamwino la Royal College of Nursing amati namwino mmodzi asamalire ana atatu osakwana zaka ziwiri kapena ana anayi opitirira msinkhu umenewo, ndipo m'chipinda cha odwala mwakayakaya akhale ndi mwana mmodzi yekha. Musaganize kuti potero ntchito ndi yopepuka, chifukwa nthawi imene yapulumuka pa kuchepa kwa odwala imathera pa kulemba. Kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi mpweya wa m'magazi zimalembedwa pa tchati cha PEWS, chimene chimapereka mapointi osonyeza nthawi yoitana dokotala, ndipo chimene sichinalembedwe chimatengedwa kuti sichinachitike. Mankhwala ambiri a ana amawerengedwa ndi anamwino awiri, aliyense payekha, molingana ndi kulemera kwa mwana komanso buku la milingo ya mankhwala a ana la BNF for Children. Mukalakwitsa mlingo kapena mukachedwetsa mankhwala, mumalemba lipoti ndipo makolo amauzidwa. Kubisa ndiko kumachotsetsa munthu m'kaundula, osati kulakwitsa kumene kwanenedwa msanga.

Ulemu umaonetsedwa mosiyana ndi kwathu, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Madokotala achinyamata ndi akuluakulu a wodi amaitanidwa ndi maina awo oyamba, ndipo namwino amayembekezeredwa kutsutsa dokotala mwaulemu koma momveka ngati akuona kuti mlingo walakwika kapena mwana akuipiraipira. Kukhala chete ndi kuyang'ana pansi, kumene ife timakutenga ngati khalidwe, iwo angakuone ngati kusadziwa kapena kusasamala. Mwananso ali ndi mawu ake: mumamufotokozera zimene mukufuna kuchita musanamugwire, wazaka 16 amatha kuvomera yekha chithandizo, ndipo ngakhale wocheperapo angathe kutero ngati akumvetsa bwino nkhaniyo, motsatira chigamulo cha mlandu wa Gillick cha mu 1985. Kholo limodzi limagona pambali pa bedi la mwana, koma silili pamenepo kudzagwira ntchito za gadiyani monga kumudzi. Lili pamenepo kudzaona ndi kufunsa, ndipo kuyambira mu 2024 zipatala za ku England zakhala zikukhazikitsa Martha's Rule, imene imapatsa banja ufulu woitana gulu lina la madokotala ngati likuona kuti nkhawa yake sikumvedwa.

Nkhani ya chitetezo cha ana ndi yolemera kwambiri. Chipsera kapena mkwingwirima pa khanda limene silinayambe kukwawa, nkhani ya kuvulala imene ikusinthasintha, kapena mwana amene akuopa kholo lake, zonsezi mumayenera kuzilemba ndi kuziuza oyang'anira chitetezo cha ana tsiku lomwelo, ngakhale mukumvera chisoni banjalo. Ku Scotland kumenya mwana mwa njira ina iliyonse kunaletsedwa mu 2020, ndipo ku Wales mu 2022. Ngati mudzapite ndi ana anu, dziwani kuti lamuloli limakhudza nyumba yanunso, ndipo dandaulo lotere lingafike mpaka ku NMC.

Kuwerenga rota ndi kuteteza masiku opuma

Ku England sabata ya ntchito ndi maola 37.5, ndipo m'mawodi ambiri amagawidwa m'mashifiti a maola pafupifupi 12, kutanthauza masiku atatu pa sabata ndi lachinayi kamodzi pa mwezi. Tchuthi cha woyamba kumene ndi masiku 27 pa chaka kuphatikizapo masiku 8 a tchuthi cha dziko, ndipo chimakwera kufika masiku 29 mukagwira zaka zisanu ndi 33 mukagwira zaka khumi. Rota, yomwe ndi ndandanda ya mashifiti, imatuluka masabata angapo nthawi isanakwane, ndipo mumaloledwa kupempha masiku ena pa kompyuta isanatsekedwe. Luso lonse lagona pamenepa. Mukapempha kugwira Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu sabata ino, kenako Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu sabata yamawa, mumapeza masiku ambiri otsatizana osakhudza tchuthi chanu n'komwe. Musachite zimenezi mwezi uliwonse, chifukwa anzanu nawonso ali ndi mabanja, ndipo amene amavomera kusinthana shifiti ndi mnzake pa Khirisimasi ndi amene amapeza womusinthira pamene iye akufuna.

Tsiku limene mwaweruka naiti m'mawa musaliwerenge ngati lopuma. Limalembedwa choncho pa rota, koma thupi limakhala lisanagone, ndipo kuyendetsa galimoto kapena kukwera phiri tsiku limenelo n'kudziika pa ngozi. Gonani maola angapo, dzukani masana, tulukani panja kukadali kowala, ndipo ulendo uyambe mawa lake. Momwemonso musabwerere usiku wa tsiku lomaliza ngati m'mawa muli pa ntchito, popeza sitima za kumeneko zimachedwa ndi kuimitsidwa, makamaka Lamulungu pamene amakonza njanji.

Chiyeso chachikulu ndi mashifiti owonjezera a pa banki ya chipatala, kutanthauza mndandanda wa anamwino amene amaitanidwa pakasowa anthu mu wodi. Ku England ntchito ya usiku ndi ya Loweruka imawonjezera 30 peresenti pa malipiro a ola, ndipo ya Lamulungu ndi ya tchuthi cha dziko imawonjezera 60 peresenti. Pamene kumudzi kuli fizi ya abale, nyumba yomanga ndi matenda a makolo, ndipo mapaundi ochepa akusanduka makwacha ambiri, n'kovuta kukana foni yopempha kuti mubwere mawa. Sindikunena kuti musatenge mashifitiwa, koma namwino wa ana wotopa ndi amene amasokoneza mamiligalamu ndi mamaikulogalamu, ndipo kulakwitsa kotere kungawononge moyo wa mwana pamodzi ndi PIN imene mwaivutikira. Dziikireni malire musanayambe, mwachitsanzo akuti pa masiku aliwonse opuma otsatizana limodzi lokha ndilo logulitsa, ndipo auzeni achibale ndalama imene mungathe kutumiza mwezi uliwonse mutachotsa lendi, msonkho wa khonsolo, magetsi ndi gasi wotenthetsera nyumba. Kumbukiraninso kuti ntchito yachiwiri kwa wolemba ntchito wina ili ndi malire a maola 20 pa sabata pa visa yanu.

Nyengo nayo imalamulira maulendo. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko masana isanakwane, moti wogwira shifiti yaitali amachoka kunyumba kuli mdima n'kubwerera kuli mdima, pomwe mu Juni kumakhala kowala mpaka kupitirira 9 koloko usiku. NHS imalangiza anthu a khungu lakuda kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse chaka chonse, ndipo kutuluka panja masana pa tsiku lopuma kumathandiza tulo ndi maganizo m'miyezi ya mdimayo. Mvula yake ndi yowaza ndi ya mphepo ngati chiperoni chosatha, choncho jekete losalowa madzi ndi nsapato zolimba zikhale zoyamba kugula, ambulera isanaganiziridwe.

Koyambira kuyenda

Yambani ndi mzinda umene mukukhalamo, ndipo yendani pansi kapena pa basi m'madera amene odwala anu amachokera. Mukaona nyumba zosanjikizana zachinyontho zimene ana a mphumu amagonamo, ndi kutalika kwa ulendo wa mayi wopanda galimoto wobwera ku kiliniki, mudzamvetsa chifukwa chake mabanja ena amaphonya masiku oonana ndi dokotala, ndipo malangizo anu pa tsiku lotulutsa mwana adzakhala ogwirika. Kuyenda kotere kumazoloweretsanso makutu, popeza Chingerezi cha ku Liverpool, Newcastle kapena Glasgow sichifanana ndi chimene munamva pa mayeso, ndipo ndi bwino kuchizolowera pa msika kusiyana ndi pa bedi la mwana wobanika.

Ndalama zisakulepheretseni. Nyumba zazikulu za boma zosungiramo zinthu zakale zimalowedwa ulere, monga British Museum ndi Natural History Museum ku London, komanso National Museum of Scotland ku Edinburgh. Matikiti a sitima otchedwa Advance, ogulidwa masabata angapo ulendo usanafike, amatsika mtengo kwambiri koma amagwira pa sitima ya ola lomwelo lokha, choncho agulani rota ikangotuluka. Khadi ya apaulendo a pa sitima yotchedwa Railcard imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, ndipo ilipo ya azaka 26 mpaka 30 komanso ya anthu awiri oyendera limodzi. Mabasi a National Express ndi FlixBus amachedwa koma ndi otchipa, ndipo ogwira ntchito mu NHS angathe kutenga Blue Light Card yochotsera mitengo m'masitolo, m'malo odyera ndi m'mahotela ena. Mwayi wa namwino ndi wakuti amapuma pakati pa sabata, pamene malo ogona ndi otsika mtengo ndipo anthu ndi ochepa. Laisensi ya galimoto ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha chifikireni, ndipo ngakhale amayendetsa kumanzere monga kwathu, muyenera kulemba mayeso a kumeneko nthawiyo isanathe.

Ku London, namwino ali ndi chifukwa chapadera chopitira ku St Thomas' Hospital, tsidya la mtsinje wa Thames moyang'anizana ndi nyumba ya malamulo. Pamenepo pali Florence Nightingale Museum, ndiponso chiboliboli cha Mary Seacole, namwino wa ku Jamaica amene anasamalira asilikali pa nkhondo ya ku Crimea, chomwe chinavundukulidwa mu 2016. Mukawoloka mlatho mumafika ku Westminster Abbey, kumene David Livingstone anaikidwa m'manda mu 1874. Alendo okaona malo amalipira, koma kulowa pa nthawi ya mapemphero ndi kwaulere. Chipatala cha Great Ormond Street, chimene chinatsegulidwa mu 1852 ndi mabedi 10 okha, ndi malo a odwala osati okaona, koma chimakonza maphunziro afupiafupi amene namwino wa ana angapemphe abwana ake kuti amutumizeko.

Ogwira ntchito ku Royal Manchester Children's Hospital, ku Sheffield Children's Hospital kapena ku Alder Hey ku Liverpool ali pafupi ndi mapiri. Sitima ya pakati pa Manchester ndi Sheffield imaima pa Edale, m'kati mwa Peak District, ndipo kuchokera ku mzinda uliwonse mwa iwiriyi ulendo sukwana ola limodzi. Ku Lake District, kumene kuli nyanja ya Windermere, munthu angapite m'mawa n'kubwerera madzulo, ngakhale kugonako usiku umodzi kumapindulitsa. Ku England mumayenda m'njira zololedwa zokhala ndi zikwangwani, ngakhale zikudutsa m'munda wa munthu, ndipo mumatseka geti lililonse limene munalipeza lotseka chifukwa cha nkhosa.

Mapiri a kumeneko ndi aafupi koma musawapeputse. Ben Nevis, lalitali kuposa onse, ndi mamita 1,345, osafika ndi theka lomwe la Sapitwa pa Mulanje, amene ndi mamita 3,002, ndipo Yr Wyddfa la ku Wales ndi mamita 1,085. Komabe pamwamba pake nkhungu imatsika mwadzidzidzi, mphepo imazizira mpaka kuumitsa zala, ndipo pa Ben Nevis chipale chofewa chimakhalapo mpaka kumayambiriro a nyengo yotentha. Onani ulosi wa nyengo wa m'mapiri wa Met Office m'mawa womwewo, uzani mnzanu kumene mukupita ndi ola lobwerera, ndipo pakagwa ngozi imbani 999 n'kupempha apolisi kuti akulumikizeni ndi opulumutsa anthu m'mapiri. Kunyanja ya mchere chenjezo ndi lina. Amene anakulira ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay sanazolowere madzi amene amaphwera patali kenako n'kubwerera mothamanga, monga amachitira ku Morecambe Bay, ndiponso madziwo amazizira ngakhale mu Julayi. Onani maola a kudzaza ndi kuphwera kwa nyanja musanayende pamchenga, ndipo sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pokha.

Scotland iyenera kupatsidwa masiku angapo otsatizana, ndipo kwa Mmalawi ulendowu uli ndi tanthauzo lake. Kuchokera pa Glasgow Central, sitima ya mphindi pafupifupi 20 imakufikitsani ku Blantyre wa ku South Lanarkshire, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kumene Livingstone anabadwira mu 1813 m'chipinda chimodzi cha nyumba ya ogwira ntchito pa fakitale ya thonje. Nyumbayo tsopano ndi David Livingstone Birthplace, inatsegulidwanso mu 2021 itakonzedwa, ndipo imafotokozanso za anthu a ku Africa amene anayenda naye, monga Susi ndi Chuma amene ananyamula mtembo wake mpaka kunyanja. Mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina ku kamudzi kameneka. Ku Edinburgh, kumene Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzirako udokotala asanakagwire ntchito ku Liverpool, North Shields ndi London, kuli likulu la Scotland Malawi Partnership, bungwe limene limakonza misonkhano yokumanitsa Amalawi ndi anthu a ku Scotland okhudzidwa ndi dziko lathu. Kuchokera ku London King's Cross kukafika ku Edinburgh ndi maola anayi ndi theka pa sitima, ndipo mpando wa kudzanja lamanja popita umaonetsa gombe mukadutsa Newcastle.

Kudutsa malire

Visa yanu ya ntchito ndi ya United Kingdom yokha, kutanthauza England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland. Siikupatsani ufulu wolowa ku France, Spain, Italy kapena dziko lina la m'dera la Schengen, ndipo mwini pasipoti ya Malawi amafunika visa ina, imene amaifunsira ku ofesi ya dziko limene akakhalitseko, atanyamula kalata ya ku ntchito, masitetimenti a ku banki, inshulansi ya paulendo ndi umboni wa kumene akagone. Malo okaonekera amadzaza msanga nyengo yotentha ikayandikira, choncho yambani miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike, ndipo musagule tikiti yosabwezeka visa isanatuluke. Samalaninso mukapita ku Belfast kapena ku Giant's Causeway, chifukwa pakati pa Northern Ireland ndi Republic of Ireland palibe geti looneka, ndipo basi ingakulowetseni m'dziko lina limene visa yanu siigwira. Ngati mukufuna kudzapempha chilolezo chokhazikika, sungani kabuku ka masiku onse amene mwakhala kunja kwa UK, popeza kupitirira masiku 180 m'miyezi 12 iliyonse kumasokoneza pempholo.

Ulendo wobwera kumudzi ndi umene umadya gawo lalikulu la tchuthi. Palibe ndege yochoka ku Britain kufika ku Lilongwe kapena ku Blantyre osaima, ndipo ambiri amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kotero kuti tsiku lathunthu limathera m'njira popita ndiponso lina pobwerera. Mawodi a ana salola anamwino ambiri kuchoka pamodzi m'miyezi yozizira, ndipo tchuthi chopitirira masabata awiri chimafuna chilolezo chapadera cha mkulu wa wodi, choncho pemphani chaka cha tchuthi chikangoyamba, chomwe m'zipatala zambiri ndi mu Epulo. Musananyamuke kaonaneni ndi a kiliniki ya apaulendo kuti mulandire mankhwala oteteza ku malungo, chifukwa chitetezo chimene thupi linali nacho chimachepa munthu akakhala nthawi kunja, ndipo ana obadwira ku Britain alibe n'komwe. Mukatentha thupi mutabwerera, ngakhale patapita miyezi, uzani dokotala mawu oyamba kuti munali ku Malawi ndipo pemphani kuyezedwa malungo tsiku lomwelo musanabwerere mu wodi.